Mabatani a Lachiwiri

Pa benchi ya amayi odikira diripi panali lamulo limodzi lomwe silinalembedwe pakhoma pamodzi ndi aja a kusamba m'manja ndi kuzimitsa foni. Lamulolo linkati: namwino akakufunsa ngati pali pamene payamba kupweteka, mwetulira, unene kuti palibe. Wolisunga ndi kuliphunzitsa kwa obwera kumene anali mayi wina wamtali, wa mawu ngati a mwamuna, amene onse ankangowatchula kuti Atcheya. Palibe anawasankha. Anangokhalitsa pa benchipo kuposa wina aliyense, ndipo malo a kumapeto, pafupi ndi zenera, anali awo ngati anabadwira pomwepo.

Atcheya ndiwonso ankapereka mayina. Ankati khansa ya m'mawere yawalanda zambiri, koma ntchito zawo isawalande, ndiye aliyense ankaitanidwa ndi chida chake. Panali a Choko, amene ankaphunzitsa ana. Panali a Lumo, ometa anthu, amene m'mutu mwawo munalibe tsitsi ngakhale limodzi la mankhwala, ndipo ankayamba okha kuseka za zimenezo. Ndiye panali Mayi Simbi, mwini nkhani ino, amene kwa zaka makumi awiri ankasita malaya a anthu pamalo ena ochapira zovala.

Bere la kumanzere anali atamuchotsa kale. Dokotala anamulembera madiripi asanu ndi atatu, imodzi pakatha milungu itatu iliyonse, tsiku lake Lachiwiri. Anayi oyamba anali a mankhwala ofiira, aja osanzitsa ndi kuyoyola tsitsi, ndipo iye anawapirira chifukwa anali atauzidwiratu. Koma kuyambira yachisanu anamusinthira mankhwala oyera ngati madzi akumwa, ndipo amenewa ndiwo anamuonetsa zakuda.

Ankabwera mwaulemu. Tsiku loyamba zii, lotsatira zii, munthu n'kuyamba kuthokoza. Tsiku lachitatu ndiye ankavula jekete. Ululu unkayambira m'chiuno, n'kutsikira m'ntchafu, m'mawondo, mpaka m'kati mwenimweni mwa mafupa a miyendo, momwe dzanja silingafike kuti lisisite. Akagona chagada ukuwawa, akagona cham'mbali ukuwawa, akaimirira ukumutsatira. Mayi Simbi anayesa zonse zimene munthu amayesa. Anakulunga botolo la madzi otentha m'thaulo n'kuliika pamsana. Anavala masokosi awiriawiri dzuwa likuswa mtengo. Ankazungulira tebulo la pabalaza atagwirira mipando, kakhumi, kakhumi ndi kawiri, chifukwa kuyenda kunkaupusitsa ululuwo kwa kanthawi. Mwamuna wake, wopenta nyumba, munthu wosalankhulalankhula, akaweruka ankakhala pansi, n'kuika mapazi a mkazi wake pamiyendo pake, n'kuwasisita ndi manja onunkha penti mpaka mapewa atalema.

Za mafupazo zinkabwera n'kupita. Pakatha masiku asanu zinkamusiyako. Chimene sichinkapita chinali cha m'zala. Chinayamba ngati nyerere zikuyenda kunsonga, kenako kubayabaya, kenako, itatha diripi yachisanu ndi chimodzi, dzanzi losachoka. Zala zinali zake, akuziona, koma zikakhudza chinthu uthenga sunkafika. Supuni ankaigwira ndi maso. Ndipo tisanamizane, mantha amene anamugwira sanali a zala ayi. Anali oti namwino adziwa.

Chifukwa a Choko anaulula. Tsiku lina atafunsidwa ananena chilungamo chonse, monga mphunzitsi, kuti zala zachita dzanzi ndipo mapazi akuotcha. Anawabweza opanda diripi, kuti abwerenso pakatha milungu iwiri. Milungu iwiri inatha, inayi inatha, pamalo pawo pa benchi pankangokhala chikwama cha a Lumo. Ena ankati anawasamutsira ku chipatala china, ena ankati matenda anapezerapo mpata n'kuthamangira ku mapapo. Palibe amene anafunsa namwino, poti pa benchi mphekesera inkafika msanga kuposa yankho. Atcheya anangopukusa mutu. "Mwaonatu," anatero. "Chinthuchi sichipita kutchuthi. Inu mukapuma, icho chikudya."

Mawu amenewo anamukhala Mayi Simbi pamtima. Anali atatsala ndi madiripi awiri okha. Awiri! Chitsiriza wake, mtsikana, anali kusukulu yogonera komweko, chaka chomaliza, ndipo pa foni ankafunsa funso limodzi lokhalokha: "Amayi, atsala angati?" Choncho iye anatsimikiza mumtima kuti yachisanu ndi chiwiri ailandira Lachiwiri likubweralo, zala zifune zisafune.

Lachinayi m'mawa anapita ku ntchito, monga ankachitira mphamvu zikabwererako. Abwana ake anali atamuuza kuti azibwera pamene angathe, ndipo kukhala kunyumba kuyang'anizana ndi khoma kunkamudwalitsa kuposa nthunzi. Malowo anali chipinda chachitali kuseri kwa kauntala, makina ochapira akulira mbali ina, mahang'ala ali ndandanda mbali inayo, pakati matebulo awiri ositira okutidwa ndi mabulangete akale. Simbi yake inali yolemera, yakalekale, kanyale kake kanafa zaka zapitazo, koma iye sankafuna ina. Kutentha kwake ankakuyeza monga amachitira osita onse akale: kunyambita chala, kukhudza kunsi kwa simbi mothamanga, psi, n'kudziwa ngati yakwanira kolala kapena ingawauze silika wa munthu.

M'mawa umenewo ananyambita, n'kukhudza. Psi anamumva. Anadikira kuti chala chimuuze, chala osanena kanthu. Ndiye anachisiya pomwepo, akuganiza kuti mwina magetsi athima, maso ali kudenga kuyang'ana babu. Babu inali kuyaka bwinobwino. Imene inamuuza zoona ndi mphuno.

Nsonga za zala ziwiri za kumanja, cholozera ndi chapakati, zinali zitayera, khungu litakwinyika. Anaziyang'ana ngati za munthu wina. Sanakuwe, poti panalibe choti akuwire, ndipo chimenecho ndicho chinamuliza. Analowa m'chimbudzi, n'kutsegula mpopi kuti anzake asamve, n'kulira atatsamira khoma, zala zili m'madzi amene sankadziwa ngati ndi ozizira kapena ofunda.

Kunyumba anabisa dzanja m'thumba la diresi, koma wopenta ndi munthu wozolowera kuona pamene burashi yaphonya. Asanavule n'komwe nsapato anali ataona kale.

"Chachitika n'chiyani padzanjapo?"

"Mpeni. Ndimadula anyezi."

"Mpeni ukutulutsa matuza masiku ano?"

Mwamunayo anagwada, n'kutulutsa dzanjalo m'thumba, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a ana, simunamve?"

"Ndinamva mochedwa."

"Lachiwiri tikanene zimenezi."

"Akanene ndani? Inu? Thupi lake ndi lanu?"

"Ayi, koma..."

"Mukufuna andibweze ngati a Choko? Mukufuna mwana uja akafunsa kuti atsala angati ndizimuyankha kuti kaya? Zala n'chiyani, bambo? Anthu amakhala opanda zala. Opanda moyo ndiye sindinawaonepo akuyenda mumsewu."

"Nanga ntchito yanu muzidzagwira bwanji?"

"Mtembo umasita?"

Wopenta anasiya dzanjalo mofatsa. Pa mikangano yonse ya m'banja mwawo sanapambanepo ngakhale umodzi, ndipo anali atasiya kalekale kuyesa. Anangodzuka kukafuna bandeji.

Koma kunama pakamwa kokha sikukanakwanira. Namwino wa chipinda cha diripi, mayi wamfupi wa magalasi olendewera pa chingwe, sankadalira pakamwa pa odwala. Anali ndi njira yakeyake. Ankauza munthu kuti amasule bulauzi aone pamene anachita opaleshoni, kenako n'kunena kuti, "Mangani," iye n'kumanamizira kulemba, maso ali pa zala, kusuzumira pamwamba pa magalasi. Wolephera batani ankapita kwa dokotala. Atcheya anali atazitulukira kale zimenezi, ndipo ankachenjeza kuti kuvala za zipi n'kudziulula wekha. Namwinoyo akaona zipi ankatsegula kabati n'kutulutsa kamalaya kamwana ka timabatani tangati mapira, kuti umange iye akuona.

Loweruka masana Mayi Simbi anatenga bulauzi yake yoyera n'kukhala nayo pabedi. Munthu amene anamangapo mabatani a malaya osawerengeka, atatu pa hang'ala iliyonse, akucheza, osayang'ana n'komwe, anatuluka thukuta pa batani limodzi. Akaligwira linkathawa. Akalipeza bowo linkasowa. Akaganiza kuti lalowa, ankapezeka wangotsina nsalu. Atalephera kachisanu anaponya bulauziyo kukhoma n'kuluma pilo kuti asakuwe. Kenako anadzuka, anaitola, n'kuikung'untha, chifukwa ngakhale atakwiya bwanji sankatha kuona chovala chili pansi.

"Bambo a ana! Tabweretsani jekete yanu yakale ija, yong'ambika m'khwapa. Ndi lezala. Ndi singano."

Mabatani a jeketeyo anali aakulu, okhuthala, oti ngakhale chigongono chikhoza kuwagwira. Anauza mwamuna wake kuti awadule, achotse a pa bulauzi, asokerere aakuluwo. Mabowo awakulitse pang'ono ndi lezala, m'mphepete apitemo ndi ulusi kuti asamasuke. Iye anakhala pambali ngati kapitawo.

"Musakoke ulusi choncho. Batani liziima pa kakhosi, lisamamatire pansalu. Ikani kamtengo ka machesi pansi pake, muzisoka pamwamba, mukamaliza musolole. Eyaa. Zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa ndi mmisiri."

"Mmisiri wa makoma, osati wa mabulauzi."

Singano inamubaya wopenta pachala. Anati, "Ayi!" n'kuponya chala m'kamwa. Mayi Simbi anamuyang'ana, ndipo anachita naye nsanje yeniyeni, yowawa, munthu wobayidwa ndi singano n'kumva.

Lamulungu lonse linathera pa kuyeserera. Anaima pa galasi loonera n'kuphunzitsa maso ntchito ya zala: kukanikiza batani ndi mbali ya chala chachikulu, kukoka bowo ndi dzanja lamanzere, osawerama kwambiri, osaluma lilime, nkhope ili myaa ngati munthu amene akuganiza za mvula. Miyendo ikayamba kuphwanya ankakhala pansi, ikaleka n'kuimanso. Madzulo anauza mwamuna wake kuti avale magalasi ake owerengera, akhale namwino.

"Pali pamene payamba kupweteka, mayi?" anafunsa wopenta, mawu atawachepetsa, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

"Palibe, a nesi."

"Mwayankha msanga. Wonama amayankha msanga."

"Funsaninso."

"Pali pamene payamba kupweteka, mayi?"

"Mmm... palibe, a nesi. Kutopa chabe."

"Mangani."

Anamanga onse asanu, lililonse likulowa ngati lauzidwa. Anaseka onse awiri, kuseka kwenikweni, koyamba m'milungu yambiri. Koma wopenta anayamba kuleka. Anavula magalasi n'kumawatembenuzatembenuza m'manja.

"Lumbirani kuti simukanena," anatero Mayi Simbi.

"Ndamva."

"Sindinati imvani. Ndati lumbirani."

"Ndamva, mayi a ana," anatero, n'kutuluka kukatsuka maburashi amene anali otsuka kale.

Lachiwiri anafika kuchipatala m'mamawa ndi mwamuna wake. Magazi anayezetsa, ndipo anatuluka abwino. Pa benchi a Lumo anamusunthira, Atcheya n'kuona mabataniwo, n'kuona timapulasitala tiwiri ta pa zala, n'kugwedeza mutu ngati mphunzitsi wokhutira ndi mwana wake.

"A Simbi ndinu anzeru. Zalazo mukati chiyani?"

"Mpeni."

"Basi. Osachulutsa gaga. Ndipo osayang'ana pansi."

Wopenta anatenga khadi kukapereka pa zenera la anamwino, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo anakhalitsako. Mayi Simbi sanalabadire. Pa zenera paja munthu akhoza kukalambirapo. Iye maganizo anali pa mipando ikuluikulu ya m'kati, imene inkaoneka chitseko chikatseguka, ndi timatumba ta mankhwala tolendewera pa zitsulo. Ndani angakhulupirire kuti munthu angalakelake chinthu chomuphwanya mafupa? Koma iye ankachilakalaka.

Anamuitana. Namwino anamukhazika kuseri kwa katani, n'kumuyeza kuthamanga kwa magazi, n'kufunsa funso lake lija.

"Mmm... palibe, a nesi. Kutopa chabe."

"Zalazo?"

"Mpeni, a nesi. Anyezi."

"Masulani tione."

Anamasula. Namwino anayang'ana chipsera, n'kusindikiza m'khwapa, n'kubwerera pa tebulo. "Mangani."

Loyamba linalowa. Lachiwiri linalowa. Lachitatu linafuna kuvuta, koma kakhosi kaja kanagwira ntchito yake. Lachinayi, lachisanu. Mayi Simbi anaika manja pamiyendo, akudziuza kuti wawoloka.

"Mabatani abwino," anatero namwino, osakweza mutu. "Wasoka ndani?"

"Ndekha."

"Ohoo." Anasiya cholembera, n'kutsina kathonje m'mbale, n'kukokera mpando wake pafupi. "Tambasulani manja. Tsinzinani. Mukamva kuti ndakukhudzani, nenani kuti eya."

Izi Atcheya sanazinenepo. Mayi Simbi anatsinzina. Mumdimamo anatchera makutu, kuti mwina amve kusuntha kwa yunifolomu, mwina mpweya wa namwino. Anawerenga mumtima, imodzi, ziwiri, zitatu, n'kuona kuti nthawi yakwana.

"Eya."

Anaganiza kuti mwina namwino sanamve.

"Eya," anateronso. "Chachikulu. Cha kumanzere."

"Sindinayambe, mayi."

Anatsegula maso. Namwino anali atapinda manja, kathonje kali m'chikhatho. Sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anangotenga dzanja lamanja n'kumatula timapulasitala tija pang'onopang'ono. Matuza anali ataphulika, pansi pake pali pofiira, m'mphepete mutayamba kutupa.

"Anyezi ake ndi amoto," anatero namwino chapansipansi. "Tiyeni kwa adokotala."

Dokotala anali bambo wa imvi, wa maso otopa, amene ankalankhula akuyang'ana munthu kumaso. Anamubaya mofatsa ndi kamtengo kuyambira kunsonga za zala kukwera, kufunsa pamene wayamba kumva. Mayi Simbi anayamba kumva pafupi ndi chikhatho. Kumapazi zinali chimodzimodzi. Dokotala anafunsa za mafupa, za msana, kuti zinayamba liti, ndipo poti bodza linali litatha kale ntchito, iye ananena zonse, botolo la madzi, masokosi, kuzungulira tebulo.

"Milungu isanu ndi umodzi mukuvutika chonchi osanena?" anatero dokotala. "Zambiri mwa izi ndi za mankhwala omwewa, mayi, si kuti matenda afalikira ayi. Za kuphwanya kwa mafupa tili ndi chokupatsani. Msanawo tiujambula kuti tisangoganiza. Koma zalazi ndi mitsempha. Mukananena poyamba tikanangochepetsa mlingo. Pano yavulala kwambiri, ndipo mitsempha ikafa, nthawi zina sidzukanso. Lero diripi palibe."

"Adokotala..."

"Pakatha milungu iwiri tikuonaninso. Chilondachi chipole kaye. Kenako tiona, kuchepetsa kapena kusintha mankhwala. Sitikukusiyani."

Mayi Simbi sanadziwe kuti watsika bwanji pa mpando. Anangozindikira mawondo ali pa simenti yozizira, manja atagwira mwendo wa tebulo.

"Chonde, adokotala. Ndipatseni ngakhale theka. Ngakhale kadontho, bola mulembe kuti ndalandira. Zalazo zitengeni, ndakupatsani, sindidzabwera kudzadandaula. Ndilembereni pepala ndisaine. Atsala awiri okha. Ndili ndi mwana akulemba mayeso, adokotala, ndinamulonjeza. Milungu iwiri chinthuchi chikhala chikudya. Chonde, bambo anga, ndagwira mwendo wanu."

"Dzukani, mayi. Milungu iwiri siibweza m'mbuyo zonse zimene tachitazi."

"Nanga a Choko? Aphunzitsi aja munawabweza aja, ali kuti?"

Dokotala anayang'ana namwino, n'kubwezanso maso kwa iye. "Za wodwala wina sindinganene."

Ankanena zoona za ntchito yake, koma kwa Mayi Simbi yankho limenelo linali manda okumbakumba. Analira mokweza, kulira kopanda manyazi, mpango wa kumutu utasendemuka, mutu wopanda tsitsi uli poyera. Namwino anamudzutsa, anamukonza mpango, n'kuyamba kutsuka chilonda. Ali mkati momanga bandeji, Mayi Simbi anafunsa ndi mawu osasa.

"Mwadziwa bwanji, a nesi? Mabatani ndinamanga onse."

Amene anayankha anali pakhomo, chipewa chili m'manja, ndipo kaya anaimapo nthawi yaitali bwanji.

"Ndine, mayi a ana. Ndinawauza pa zenera paja."

Potuluka anadutsa pa benchi, poti njira ina kunalibe. Amayi onse anaona bandeji yatsopano, anaona kapepala ka mankhwala, anaona kuti pamkono palibe thonje la diripi. Ena anayang'ana kumbali.

"Mwaulula, a Simbi?" anafunsa Atcheya.

"Andiululira," anayankha, osaima.

Panja dzuwa linali pamutu. Miyendo inamufikitsa pa kakhoma kakafupi ka pamalo oimika magalimoto, n'kukana kupitirira. Anakhala pomwepo, nkhope atalozetsa kumsewu. Wopenta anakhala kumanzere kwake. Mayi Simbi sanafune n'komwe kumuona.

"Mwandipha," anatero. "Mukudziwa? Mwandipha ndi pakamwa panu, inu amene simulankhula. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndikukupemphani kuti muzilankhulako, lero ndiye mwasankha kulankhula."

"Sindinalumbire."

"Khalani chete! Munasoka nokha mabatani amenewa. Munavala magalasi, tinaseka limodzi, kodi mumandiseka ine? Mumadziwa kale?"

"Sindimadziwa. Ndinaganiza ndili pamzere."

"Pamzere! Moyo wanga mwauganizira pamzere!" Misozi inkatsikira m'khosi. "Chikabwerera chinthuchi mudzati chiyani? Mudzapenta bokosi? Mwana uja ayimba madzulo ano. Muyankhe ndinu. Mumuuze ndinu kuti amayi ako ndawachotsa pa mpando ndi manja anga."

"Ndimuuza."

"Mumuuza! Zonse kwa inu n'zophweka. Simukudziwa kuti kugona ukumvetsera thupi lako n'kutani. Pakangolasa pena pake, mtima uli phaa, kuti chafika pamenepo. Ine ndimafuna ndimalize, basi. Ndimalize, ndidzuke m'mawa wina ndisawerenge kanthu. Ndinali nditatsala pang'ono, bambo. Pang'ono."

Galimoto ina inalowa, n'kuima, anthu n'kutsitsa nkhalamba pa njinga ya odwala. Mayi Simbi anaiyang'ana mpaka inalowa m'chipatala. Mkwiyo unayamba kuphwa, ndipo chimene chinatsala pansi pake chinali choipa kuposa mkwiyowo. Anali ndi mantha, mantha okhaokha, ndipo anadziona kuti ali yekha pa dziko lonse.

"Ndimalira pansi paja ngati mwana," anatero, maso akadali kumsewu, "inu mwangoima pakhomo ngati mtengo. Ngakhale pano. Munthu ndikulira chonchi, kundigwira dzanja kokha kukukanikani?"



"Ndakugwirani kalekale, mayi a ana. Chikhalireni pano."

Mayi Simbi anatembenuka n'kuyang'ana pansi. Nsonga za zala zake zinayi za kumanzere zinali m'dzanja la mwamuna wake, dzanja la penti wouma m'zikhadabo, litazifumbata. Anaziyang'ana nthawi yaitali, akudikira.

"Finyani," anatero.

"Ndikufinya."